Funsani Azakhali: Ndalowa ntchito ku laibulale koma palibe wondionetsa njira

Mwezi uno makalata angapo abwera onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ya achinyamata amene angoyamba kumene ntchito m'malaibulale a m'mayunivesite ndi m'makoleji, komanso akuluakulu amene akuyenera kuwasula. Nde ndangowaika pamodzi. Mayina a malo amene anthuwa akugwira ntchito ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

Zikomo Azakhali,
Ine ndine mtsikana wa zaka 24, ndinamaliza digiri ya Library and Information Science ku Mzuni ndipo mwamwayi ndinapeza ntchito pa yunivesite ina ngati assistant librarian. Poyamba ndinasangalala kwambiri koma pano mtima wagwa pansi. Chiyambireni ndimangokhala pa desiki yobwereketsa mabuku, kudinda madeti, kubweza mabuku m'mashelefu, kuuza ma student kuti asiye zikwama pakhomo, basi. Ku cataloguing, komwe amalowetsa mabuku mu katalogi ya pa kompyuta, sandilolako akuti ndiwononga system. Za ma e-journal, magazini a kafukufuku a pa intaneti, amadziwa bambo mmodzi yekha moti akapita ku holide zonse zimaima. Abwana aakulu ndi munthu wabwino koma amangokhalira misonkhano. Ndipeze bwanji munthu woti azindiphunzitsa ntchito? Kapena ndingoyamba kusaka kwina?
Wokhumudwa pa desiki

Mwanangu,
Usathamangire kulemba ma application kaye, khala pansi timvane. Zimene ukudandaulazi ndi zoona ndipo zimandipweteka ndikamazimva, chifukwa dziko lino silinakhale ndi sukulu yophunzitsa za laibulale mpaka pa digiri kwa nthawi yaitali, anthu ankachita kupita ku Botswana kapena ku UK, mpaka Mzuni itayamba maphunzirowa m'zaka za m'ma 2000. Nde lero tili ndi ana ophunzira bwino ngati iweyo kenako nkumawasiya azingodinda madeti, kumeneko nkutaya chuma.

Komabe desikiyo usaipeputse. Palibe malo ena mu laibulale amene ungadziwe msanga zimene anthu akusowa kuposa pamenepo. Gula kope laling'ono, funso lililonse limene student kapena lekichala wakufunsa uzililemba, ndipo pambali uzilemba ngati unamuthandiza kapena anabwerera chimanjamanja. Pakatha mwezi uona wekha kuti buku lakuti la statistics likulimbiranidwa pomwe makope alipo awiri okha, kuti a chaka chomaliza sadziwa kuti ma dissertation akale amasungidwa kuti, kuti ambiri akafika pa shelefu amasokonezeka ndi call number, nambala yomatidwa pa buku yosonyeza malo ake pa shelefu. Kope limenelo ndi limene lidzakutsegulire chitseko cha abwana, chifukwa bwana wotanganidwa samva zoti "sindikuphunzira kanthu", koma ukamuikira pepala limodzi pa tebulo loonetsa zimene ma student akusowa, amavala magalasi nkuwerenga.

Tsopano za kupeza wokuphunzitsa. Achinyamata ambiri amapita kwa munthu wamkulu nkunena kuti "ndikufuna mukhale mentor wanga", wamkuluyo nkuvomera mwaulemu, kenako zii, palibe chimachitika, chifukwa sakudziwa kuti wavomera chani ndipo akuopa kuti wasenza katundu wa chaka chonse. Iwe pempha kanthu kakang'ono kooneka ndi maso. Pita kwa amene amayang'anira cataloguing, uwapatse moni bwinobwino, unene kuti Lachitatu masana desiki imakhala yopanda anthu ambiri, mungandilole ndidzakhale pambali panu ola limodzi ndizingoona mmene mukulowetsera mabuku? Sabata yotsatira upemphe kuti ulowetse mabuku asanu iweyo, iwo adzaone asanapite pa shelefu. Ntchito imeneyi ili ngati kuphika nsima, ungauzidwe muyezo wa ufa kambirimbiri koma umadziwa tsiku limene amayi akupatsa mthiko iwo ataima pambali.

Ndipo mantha awo akuti uwononga system uwamvetse, sikuti ndi nkhanza zokhazokha ayi. Rekodi imodzi yolakwika mu katalogi imabisa buku kwa zaka, buku lili pa shelefu koma palibe angalipeze. Yankho lake nlakuti Koha, system ya katalogi imene malaibulale ambiri kuno akugwiritsa ntchito, ndi yaulere, inayambira ku New Zealand cha m'ma 1999 ndipo aliyense atha kuyiika pa kompyuta. Gwirizana ndi a ICT akuikire pa kompyuta yakale imene ikungodya fumbi, uziphunzirira pamenepo, ulakwitse mmene ungathere popanda kukhudza katalogi yeniyeni. Komanso mu Koha muli ma permission, wamkulu atha kukupatsa mphamvu yolowetsa rekodi koma osakupatsa yofufuta. Ukawafotokozera zimenezi mofatsa, chifukwa chokanira chimachepa.

Bambo wa ma e-journal uja usamuone ngati mdani. Nthawi zambiri munthu wotere anadziphunzitsa yekha movutikira, nde amaziumbatira. Yamba wadziphunzitsa mbali imene ungathe. Research4Life, pulogalamu yothandiza mayiko osauka kupeza ma e-journal, ili ndi Hinari ya zaumoyo imene inayamba 2002, AGORA ya zaulimi ya 2003, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya sayansi ndi luso komanso GOALI ya zamalamulo, ndipo Malawi ili m'gulu la mayiko amene masukulu ake amalowa ulele, zophunzitsira mmene ungasakire zilinso pa intaneti pomwepo. Onjezerapo AJOL, tsamba la ma journal a mu Africa, ndi DOAJ, mndandanda wa ma journal owerenga ulele. Udziwenso kuti ma journal ambiri olipira amabwera kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale umene unakhazikitsidwa 2003 kuti tizigula pamodzi mmalo moti aliyense azilimbana yekha ndi ma dollar. Ukapita kwa bamboyo uli ndi funso lenileni, monga lakuti lekichala wakuti akulephera kutsegula nkhani yakuti ali kunyumba kodi vuto ndi login kapena sitinalipire, adzakuyankha, ndipo mawa lake adzayamba kukutuma.

Chinanso chimene ndikupemphe ndi mtima wonse. Mu laibulale yanuyo muli ma library assistant amene ali ndi satifiketi yokha koma akhalamo zaka zambiri iwe usanabadwe nkomwe mwina. Digiri yako isakupangitse kuwadutsa ngati mipando. Amenewo amadziwa kuti bokosi la mapepala a boma akale lili pakona iti, amadziwa lekichala amene amabweza mabuku ndi amene muyenera kumulondola, amadziwa mwezi umene denga limadontha ndi shelefu yofunika kuphimba. Safunsa adadya phula. Wokuphunzitsa sakhala mmodzi, wina akuonetsa katalogi, wina akuonetsa anthu, wina ali ku yunivesite ina mumangolankhulana pa WhatsApp. Lowa MALA, bungwe lathu la anthu a malaibulale limene lakhalapo kuyambira 1976, upite ku misonkhano yake ngakhale uli wamng'ono pa onse, ulembetsenso ma webinar a AfLIA, bungwe la malaibulale a mu Africa limene likulu lake lili ku Accra. Kumeneko nkumene umapeza nambala ya munthu woti ungamuimbire Koha ikakana kudzuka m'mawa.

Ukachita zonsezi, walemba pepala kwa abwana kupempha kuti uzizungulira ma section, chaka nkutha uli pomwepo palibe chasintha, pamenepo saka kwina ndipo usadziimbe mlandu.

Azakhali,
Ndine bambo wa zaka za m'ma 50, ndimayang'anira technical services, gawo lokonza ndi kulowetsa mabuku mu katalogi, pa koleji ina. Chaka chilichonse amanditumizira ana a attachment, pano andipatsanso ma intern awiri a boma. Kunena zoona ndilibe nthawi, mabuku osalowetsa adzaza chipinda, ndipo ndikamuphunzitsa mwana miyezi ingapo amachoka. Ena amabwera ndi mtima woti amadziwa kale zonse poti kompyuta amaithamangitsa kuposa ine. Kodi ndi udindo wanga ndithu? Ngati ndi choncho ndiyambire pati?
Wotopa ku technical

Achimwene,
Ndi udindo wanu ndithu, ndipo ndikuyankhani mosazungulira poti ndife amsinkhu umodzi. Zaka zopuma ntchito zikuyandikira, tsiku limene mudzatseke ofesiyo komaliza zonse zili m'mutu mwanuzo zidzatuluka nanu pa geti, ndipo amene adzavutike ndi student amene sanakulakwireni kanthu. Malaibulale athu achuluka, UNIMA inagawidwa mu 2021 nkukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, LUANAR inachoka kale payokha, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, osawerengera ma yunivesite a mipingo ndi a anthu wamba, ndipo onsewa akufuna anthu odziwa ntchito. Mwana amene mwamuphunzitsa nkuchoka sanatayike, wapita kukagwira laibulale ina ya dziko lomweli, ndipo tsiku lina mudzamufuna kuti akutumizireni nkhani ya mu journal imene inu mulibe.

Za nthawi ndikumvetsa. Koma taonani, chipinda chodzaza mabuku osalowetsacho ndiye kalasi yanu. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri nlakuti intern amapatsidwa ntchito imene wina aliyense sakuifuna, kumata ma barcode, kupukuta fumbi, kutumidwa ku photocopy, miyezi nkutha osagwirako rekodi ngakhale imodzi. Zimenezo azichita inde poti tonse timachita, koma zisakhale zokhazo.

Sabata yoyamba muyende nawo laibulale yonse, muwaonetse kwa aliyense ndi dzina, mpaka alonda ndi okonza m'nyumba. Kenako shelefu. Musaganize kuti poti ali ndi digiri nde amatha kuwerenga call number ya dongosolo la Library of Congress, ambiri kusukulu anazolowera dongosolo lina la Dewey pa pepala. Atengereni ku S kwa zaulimi kapena ku DT kwa mbiri ya Africa, muwapatse mabuku khumi osakaniza awandandalike. Pafupifupi aliyense amaika .M4 patsogolo pa .M35 poganiza kuti 4 ndi wochepa kuposa 35, pomwe nambala imeneyi, yotchedwa Cutter, imawerengedwa ngati decimal nde .M35 ndi imene imayamba. Mukawaonetsa kamodzi buku lili m'manja saiwalanso.

Ku katalogi yambani ndi copy cataloguing, kukopera rekodi imene ena analemba kale, aikoke ku katalogi ya laibulale ina kudzera pa njira yotchedwa Z39.50, aiyerekeze ndi buku limene lili patsogolo pawo, edition ndi yomweyo kodi, chaka, masamba. Akazolowera apatseni chinthu chimene sangachipeze kwina kulikonse, dissertation ya student wa pa koleji panupo kapena lipoti la unduna, poti zathu za Malawiana palibe wa kunja adzatilembere rekodi yake, tiyenera kulemba tokha. Apa nde khalani nawo pambali. Mu rekodi gawo lililonse lili ndi nambala yake, nde muone gawo 100 ngati dzina la wolemba alilemba mofanana ndi mmene lilili kale mu system, chifukwa Phiri mmodzi yemweyo akalowa katatu mosiyana, pena ndi dzina lonse pena ndi zilembo zoyamba zokha, ntchito zake zimabalalika. Muone 245, gawo la mutu wa buku, ka indicator kachiwiri kaja kamene kamauza system zilembo zoti idumphe, mutu ukayamba ndi "The" nkusiya 0 mmalo mwa 4 buku limakandandalikidwa pa T. Muone 650 ngati mutu wa nkhani autenga pa mndandanda wovomerezeka kapena angoupeka. Ndipo mukapeza cholakwika musawalande kiyibodi nkukonza nokha muli chete, afunseni kuti student akamasaka buku limeneli alemba chani, ayesere okha pa OPAC, katalogi imene ma student amasakirapo mabuku, aone kuti silikutuluka, akonze ndi manja awo. Zimatenga mphindi khumi zoonjezera koma mawa simubwerezanso.

Kudzudzula kuzichitikira mu ofesi chitseko chili chotseka, osati pa desiki ma student akumva. Kuyamikira kokha nkumene kuzichitika pagulu. Ndipo patulani theka la ola pa sabata, tsiku lodziwika, loti mukhale pansi muwafunse chimene chawavuta ndi chimene akufuna aphunzire sabata ya mawa. Theka la ola lokhazikika limaposa tsiku lathunthu limene mumangolonjeza.

Za oti amathamangitsa kompyuta kuposa inu, ine ndingati mwapeza mwayi. Apatseni DSpace, nkhokwe ya pa intaneti yosungira kafukufuku, aikemo ma thesis amene akhala akudikira, akuphunzitseni Zotero yokonzera ma reference, akonze tsamba la laibulale la pa Facebook. Kunena kuti "apa ndionetse iweyo" sikukuchotserani ulemu, mwana amene mwamulola kukuphunzitsani kanthu amamvetsera bwino mukamamuphunzitsa zanu. Chimene iwo alibe ndi chimene inu muli nacho, kudziwa kukana buku la mphatso losathandiza popanda kukhumudwitsa wopereka, kudziwa kulankhula ndi dean pa nkhani ya bajeti, kudziwa zimene a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amayang'ana akabwera kudzayendera. Zimenezi sizili mu silabasi, nde mukamapita ku msonkhano wa library committee mutengeko mmodzi akakhale kumbuyo azilemba ma minitsi.

Ndikumbutsenso za usiku wa 18 December 2015 pamene laibulale ya Mzuni inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 nkupita. Zikachitika zoterezi abwenzi amatumiza mabuku, koma buku la mphatso silidzilowetsa lokha mu katalogi, pamafunika manja ambiri odziwa kusankha, kulemba ndi kundandalika. Nde aphunzitseninso za backup ya database, ichitike liti, isungidwe kuti kunja kwa nyumbayo, ndipo ma password a system asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

Pomaliza pa inu achimwene, ambiri mwa ana amenewa ndi atsikana ndipo inu muli ndi mphamvu pa lipoti lawo ndi kalata yowachitira umboni. Zokumana zanu zizikhala za ku ntchito, nthawi ya ntchito. Mukamva kuti wina mu dipatimenti akuwavutitsa, musakhale chete.

Azakhali,
Ndinalemba MSCE ndipo ndimakonda kuwerenga mabuku kwambiri. Ndikufuna ndidzagwire ntchito mu laibulale ya yunivesite. Anzanga akuti ntchito imeneyi ikutha chifukwa zonse zili pa Google. Ndiyambire pati?
Mnyamata wa ku Dedza

Mwanangu,
Kukonda kuwerenga nkwabwino koma dziwiratu kuti pa ntchitoyi nthawi yowerenga buku lako imasowa, tsiku limathera pa anthu ndi pa kompyuta. Ngati umakonda kuthandiza munthu amene wasokonezeka mpaka apeze chimene akufuna, bwera. Njira zilipo ziwiri zodziwika, kosi ya satifiketi ya MALA imene anthu ambiri anayambira nkukhala ma library assistant kenako nkumakwera, kapena kupita ku Mzuni kukachita Library and Information Science, komwe pano kulinso masters. Uyang'ane zofunika polowa pa chilengezo cha chaka chimenecho. Podikira, pita ku nthambi ya National Library Service imene ili pafupi nawe kapena laibulale ya sekondale imene unaphunzira, upemphe kuthandiza mongodzipereka, ndipo amene akuyang'anira pamenepo akhale mphunzitsi wako woyamba. Anzakowo auze kuti nkhani zambiri za kafukufuku zimene lekichala amafuna Google imangokuonetsa mutu nkukuuza kuti lipira, ndipo amene amadziwa khomo lolowera ndi wa ku laibulale.

Azakhali,
Ndangotha miyezi yochepa pa ntchito ndipo andiuza kuti ndikaphunzitse ma first year kagwiritsidwe ntchito ka laibulale pa orientation. Holo imadzaza ndipo ine ndine wamanyazi, ena mwa iwo ndi akulu kuposa ine. Amene amaphunzitsa zaka zonse angonditumizira ma slide awo 60 nkuti ndione chochita. Ndikane?
Wamantha

Mwanangu,
Usakane, koma usapitenso wekha. Bwerera kwa amene anakupatsa ma slide uwapemphe zinthu ziwiri, kuti gulu loyamba aphunzitse iwo iwe ukuonera, ndipo gulu lachiwiri uphunzitse iwe iwo atakhala kumbuyo, mukatha akuuze chimodzi chimene chinayenda ndi chimodzi choti ukonze. Kumutumizira mwana ma slide pa imelo sikumuphunzitsa, ndipo akuluakulu amene mukuwerenga pano mundimve.

Ma slide 60 ndi ambiri, first year amene wangofika kumene akuganiza za hostel ndi chakudya sangagwire zonsezo. Sankha zitatu, kusaka buku pa OPAC nkukalipeza pa shelefu, kulowa mu e-journal imodzi yogwirizana ndi kosi yawo, ndi komwe angakupeze akasowa chochita. Za referencing ndi plagiarism upemphe ma lekichala akupatse ola lina pakati pa semesita assignment yoyamba itaperekedwa, nthawi imeneyo amamvetsera poti chawafika pakhosi. Funsiratu mutu weniweni wa assignment kwa lekichala mmodzi kuti chitsanzo chako chikhale chawo chomwe, atulutse mafoni asake nawe limodzi. Ujambuliretu ma screenshot a sitepe iliyonse uwasunge pa flash, chifukwa magetsi kapena netiweki zitha kukuthawa holo itadzaza. Ndipo dzulo lake ukayeserere mu holo momwemo ndi mnzako mmodzi atakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, akuuze ngati mawu akufika.